Utrogestan 100 mg: tulo timabwera, koma yang'anirani mtima

Kwa amayi omwe akusiya kusamba ndipo akulandira oestrogen (homoni yachikazi yomwe imachepa kusamba kukamatha) wopaka kapena womata pakhungu, Utrogestan timamuyamikira kuposa ma progestogen (mankhwala ogwira ntchito ngati homoni ya progesterone) ambiri opangidwa mosiyana ndi a m'thupi, monga norethisterone. Ndi makapisozi ofewa a kampani ya Besins, okhala ndi progesterone wofanana ndendende ndi amene thupi limapanga. Amagulidwa ndi chikalata cha dokotala. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza khoma lamkati la chiberekero, lomwe oestrogen payekha amalikhuthalitsa mpaka kudzetsa khansa. Amayi omwe anachotsedwa chiberekero kawirikawiri samufuna.

Kamwedwe kali pawiri. Amene akusambabe mwa apo ndi apo amamwa makapisozi awiri, 200 mg, usiku uliwonse kwa masiku 12, kuyambira tsiku la 15 mpaka la 26 pa masiku 28 aliwonse a mankhwalawa, ndipo akasiya magazi amabwera. Amene atha chaka chathunthu osasamba amamwa mmodzi, 100 mg, usiku uliwonse osadumphitsa. Oestrogen akakhala wambiri, dokotala angakweze mlingo kufika 300 mg panjira yoyambayo kapena 200 mg pa yachiwiriyo.

Nkhani yagona pa maganizo. Kapisozi akamezedwa, chiwindi chimasandutsa gawo lake kukhala allopregnanolone, yemwe mu ubongo amagwira ntchito pa malo olandirira GABA (kemikolo yokhazika ubongo pansi), pomwenso diazepam, mankhwala ochepetsa nkhawa, amagwira ntchito. Kwa amayi ambiri ichi n'chabwino: yemwe ankagubuduka pamphasa mpaka tambala kulira amayamba kugona, nkhawa n'kutsika. N'chifukwa chake amamwedwa pogona, m'mimba mulibe chakudya. Mukamwera pamwamba pa nsima ya madzulo, mankhwala amalowa ambiri m'magazi, ndipo chizungulire ndi kulemera mutu m'mawa zimakula.

Koma alipo amayi ena omwe allopregnanolone yemweyo amawasokoneza. Masiku angapo atayamba makapisozi awiri aja, mtima umangoti zii, misozi ili pafupi, supuni ikagwa pansi akalipira nyumba yonse. Akasiya pa tsiku la 26, amabwerera mwakale. Izi si zongoganizira ayi, ndipo zimakonda kugwira omwe kale ankavutika kwambiri maganizo msambo ukamayandikira. Lembani papepala tsiku lililonse kwa miyezi itatu: mwamwa angati, mwagona bwanji, mtima uli bwanji. Pepalalo limasonyeza dokotala ngati vuto likuyenda ndi makapisozi.

Cholakwika chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: mayi kusiya Utrogestan mwakachetechete, kapena kudula masiku 12 kukhala 5, kwinaku akupakabe oestrogen. Mtima umapepuka ndithu, koma chiberekero chimatsala chopanda chitetezo. Njira zina zilipo. Dokotala angakusinthireni ku 100 mg wa tsiku lililonse kuti mlingo usamakwere ndi kutsika. Ena amalangiza kuika kapisoziyo kunjira ya abambo kuti alambalale chiwindi, ngakhale pepala la m'bokosi la 100 mg silitchula njirayi. Palinso lupu ya Mirena, yomwe imateteza chiberekero kwa zaka 5. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zofooka zina n'zakuti muli soya, choncho amene soya amawawenga afunse kaye, ndiponso pa mlingo umenewu salera. Rifampicin wa TB, ma ARV a efavirenz ndi nevirapine, komanso carbamazepine wa khunyu amafulumizitsa chiwindi kuphwanya progesterone, ndiye muuzeni dokotala zonse zomwe mukumwa. Makapisoziwa amafewa ndi kutentha. Musawasiye pawindo kapena m'galimoto mwezi wa Okutobala.

Kudontha magazi miyezi yoyambirira kumachitika. Kukapitirira miyezi 6, kapena kukayamba mwadzidzidzi patapita nthawi kutasiya, chiberekero chiyenera kuunikidwa.