Nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mnyamata wa kuseri kwa shopu

Ndinagula laputopu pa shopu ina ya makompyuta, ndipo apa ndikuipatsa shopuyo nyenyezi zake. Za laputopu yeniyeniyo sindinena zambiri. Ndi yabwino: RAM ya 8GB, SSD ya 256GB, Windows 11 Home, batire yoti magetsi akazima madzulo ndimamaliza nayo ntchito ya tsikulo. Mtengo mukuudziwa kale, aliyense amene wayendako m'mashopu a makompyuta mu Old Town muno mu Lilongwe akudziwa mmene kusowa kwa dola kwakwezera zinthu. Chandikhalitsa pansi kulemba ndi K25,000 yapamwamba imene bambo a pa kauntala anandilipiritsa, ati ya setup.

Nditafunsa kuti setup yakeyo ndi yotani, anayankha akumwetulira: "Mayi, tikuikirani zonse. Office, antivayirasi ya moyo wonse, chilichonse. Mukafika kunyumba mukangoyatsa n'kuyamba ntchito." Ine ndimalemba maakaunti a mabizinesi ang'onoang'ono, Excel ndiye khasu langa, ndiye ndinavomera. Bokosi anakalitsegulira kuseri ine ndili pa benchi.

Kunyumba ndinapeza sikirini yodzaza tizithunzi ta mapulogalamu omwe sindinapemphe. Magemu, ogulira zinthu m'mashopu a kunja omwe satumiza n'komwe katundu ku Malawi, owerengera PDF atatu, bulawuza ina yosadziwika dzina, antivayirasi ziwiri, ndi kena kake kamene kamangolira kuti madalaivala anga, timapulogalamu toyendetsa zida za m'kompyuta, ndi akale. Kuyatsa kokha kunkatenga nthawi yoti munthu n'kutereka madzi a tiyi. Fani imalira ngakhale ndisakuchita kanthu. Bandulo imene imandikwanira mwezi inatha sabata isanathe.

Zonsezi ndinapirira. Chimene sindinapirire ndi chomwe chinachitika pamaso pa kasitomala wanga, bambo wina wa golosale amene ndakhala ndikumulembera mabuku kwa zaka. Tili mkati mowerengera za msonkho, pa sikirini panatulukira chikalata chofiira chachikulu chotseka manambala onse, chonena kuti chitetezo changa chatha, kompyuta ili pangozi, ndilowetse nambala ya khadi la kubanki ndilipire m'madola. Antivayirasi ya moyo wonse ija inali yongolawitsa ya masiku 30. Nditachitseka, Excel nayo inalemba pamwamba kuti laisensi yake si yovomerezeka. Bambo aja anangondiyang'ana n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, paja munati ndi yatsopano imeneyi?" Munthu akakupatsa mabuku a ndalama zake n'kuona makina ako akufuula kuti ali pangozi, chikhulupiriro chimagwedezeka, ngakhale asanene.

Ndinabwerera ku shopu ndi lisiti. Bambo a pa kauntala aja, omwe tsiku logula ankandiitana mayi wanga mayi wanga, tsopano sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Nditafotokoza, anati: "Mavairasi amenewo mwaika nokha. Ana amaseweretsa kunyumbako?" Kwanga kulibe mwana wamng'ono, ndipo laputopuyo sinagwiridwepo ndi munthu wina. Kenako akuti ndilipirenso K15,000 kuti aifomate. Kulipira kuti andiikire zinyalala, kulipiranso kuti azichotse! Ndinakweza mawu, sindibisa, mpaka makasitomala ena awiri amene ankayang'ana mapulinta anasiya n'kumamvetsera. Bambowo anangoti lamulo la shopu ndi lomwelo, za mapulogalamu sizili pa waranti. Mpaka lero ndikamuganizira munthu ameneyu mtima umandiwawa, makamaka funso la ana lija, ngati kuti mzimayi sangadziwe chimene chikuchitika pa makina ake.

Apa ndi pamene mnyamata wina anatuluka kuseri, atavala tisheti yakuda, m'manja muli sikuludalaiva. Anati, "Amayi, musalipire kaye. Bwerani nayo kuno tione limodzi." Anandipatsa mpando pambali pake, osati kundisiya pa benchi. Anatsegula Settings, Apps, Installed apps, n'kusanja mapulogalamu onse potsata tsiku limene anaikidwa. Apo zinaonekera poyera. Gulu lina linali la masiku a kale, la ku fakitale. Gulu lachiwiri, lalikulu, linali ndi deti lenileni la pa lisiti yanga. Palibe ngakhale imodzi ya tsiku lina lililonse pambuyo pake. Anatembenuza sikirini kuti a pa kauntala aone. Sanayankhe kanthu, anangobwerera pa foni yawo.

Mnyamatayo anafotokoza mosabisa. Za ku fakitale, monga antivayirasi yolawitsa ndi magemu ena, opanga malaputopu amalipidwa kuti aziikemo, ndiye pafupifupi makina onse atsopano a mtengo wapakati amabwera nazo. Za pa shopu zimachokera pa fulashi imodzi imene amaibaya pa kompyuta iliyonse yogulitsidwa, osafunsa ntchito ya mwiniwake. Office ija inali yobera, ndipo kuti igwire anachita kuuza antivayirasi kuti isamayang'ane mafoda ena. Ndiye kuti khomo lina linali lotsegula kuyambira tsiku loyamba.

Ndinamufunsa ngati za ku fakitalezo zimakhalanso zoopsa. Anati zambiri zimangosowetsa mtendere ndi kudya RAM, koma anandikumbutsa nkhani ya Lenovo ya mu 2015. Malaputopu ena a kampaniyo ankabwera ndi pulogalamu yotchedwa Superfish, yolowetsa zotsatsa malonda m'masamba a pa intaneti, ndipo njira imene inkachitira zimenezi inkafooketsa chitetezo cha masamba otetezedwa, ngati a kubanki. Mu 2017 kampaniyo inagwirizana ndi FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, komanso maboma a zigawo 32 za dzikolo, n'kulipira madola 3.5 miliyoni. Yanga si ya mtundu umenewo, koma kuyambira pamenepo ndinasiya kuona tizithunzi tija ngati mphatso.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti sanali wongofufuta chilichonse. Ine ndinaloza mizere ingapo yolembedwa Microsoft Visual C++ Redistributable, yofanana dzina koma yosiyana zaka, ndikuganiza kuti ndi zobwerezabwereza. Anati ayi, zimenezo mapulogalamu ena amatsamirapo, mukachotsa amakana kutseguka. Anandionetsanso kapulogalamu ka kampani yopanga laputopuyo kamene kamayendetsa mabatani a Fn ndi kuletsa batire kudzaza kupitirira 80 peresenti ikakhala pa chaja nthawi yaitali. Kameneko anati tikasunge. Antivayirasi yolawitsa ija anati siichoka yonse ndi batani la Uninstall lokha, eni ake ali ndi kachida kena kosesera zotsalira, ndipo ikachoka, Microsoft Defender, antivayirasi imene ili kale mu Windows ndipo salipiritsa, imadzuka yokha. Antivayirasi ziwiri pamodzi zimangolimbana, makina n'kumachedwa. Anadina Ctrl, Shift ndi Esc, n'kundionetsa pa Startup apps mndandanda wa zonse zimene zimadzuka limodzi ndi kompyuta. Zambiri sizinkafunika kudzuka n'komwe.

Kenako anakhala chete pang'ono, n'kundifunsa ngati imelo yolembedwa pa akaunti ya laputopuyo ndi yanga. Sinali yanga. Inali ya shopu. Windows 11 Home imafuna akaunti ya Microsoft poiyatsa koyamba, ndiye pofuna kufulumira anangolowetsa yawo. Tanthauzo lake, mafoda anga a Desktop ndi Documents ankakwera ku OneDrive ya shopuyo, malo ake osungirako mafayilo pa intaneti, mabuku a ndalama a makasitomala anga onse ali momwemo. Ndi kumenenso gawo lina la bandulo yanga linkapita. Komanso kiyi ya manambala 48 yotsegulira disiki ikadzitseka yokha inali kusungidwa ku akaunti yomweyo, osati kwa ine. Apa mkwiyo unasanduka mantha. Mnyamatayo, atakopera kaye mafayilo anga pa disiki yakunja, analowa mu akauntiyo ine ndikuona, anafufuta mafayilo anga, n'kupitanso mu Recycle bin yake kukawafufuta komweko.

Zitatero anasiya zochotsa chimodzichimodzi. Anati njira ya Reset this PC, yobwezeretsa Windows mwakale, ilipo, koma nthawi zina imabwezeretsa za ku fakitale zomwezo, ndiye ndi bwino kuyambiratu pa chiyambi. Mafayilo anga ali kale pa disiki yakunja ija, anatenga fulashi ya 8GB yokhala ndi Windows yochokera pa tsamba la Microsoft, n'kuika mwatsopano. Laisensi sanafunse, imakhala kale mkati mwa makinawo ndipo inadzivomereza yokha titalumikiza intaneti. Akaunti ndinatsegula yanga, pasiwedi ndinalemba ndekha iye atayang'ana kumbali. Anaika madalaivala ochokera pa tsamba la opanga laputopuyo, n'kutsegula Metered connection pa hotspot ya foni yanga kuti Windows izidziwa kuti data yanga ndi yowerengeka. Intaneti yonse ya ntchitoyi inali ya pa shopu, osati yanga.

Za Office anandiuza zoona zimene a pa kauntala akanayenera kundiuza poyamba: yeniyeni ndi yogula, yaulere ya moyo wonse kulibe pa fulashi ya munthu. Pakadali pano ndikugwiritsa ntchito LibreOffice, yomwe imagwira ntchito ngati Office koma ndi yaulere mwalamulo, ndi Excel ya pa intaneti ndikakhala ndi bandulo. Mafayilo anga akale akutseguka, ngakhale ena maonekedwe a matebulo amasuntha pang'ono ndipo ndimachita kuwakonza ndisanasindikize. Ndikapeza ndalama ndigula yeniyeniyo.

Tsopano laputopu ikuyaka ndisanakhazikike pa mpando, fani ili chete, ndipo palibe chondipempha madola. Ndinalowa m'shopumo nditatsimikiza kuti ndilemba nyenyezi imodzi ndi kuuza aliyense asadzapondeko. Sindingatero, chifukwa katundu wawo ndi weniweni, wa m'bokosi lomata, ndipo mnyamata uja anataya masana onse pa ine osalipiritsa kanthu. Nditamupatsa ya Fanta anachita kukana kaye. Koma K25,000 ija sanabweze, akuti abwana akabwera, ndipo bambo a pa kauntala sanapepese. Ndikutuluka anali akuuza mtsikana wina wa sukulu za antivayirasi ya moyo wonse yomweyo. Ndinaima n'kumuuza mtsikanayo kuti akane setup, bokosi alitsegule yekha pamaso pawo, akaunti ikhale ya imelo yake, ndipo ngati akufuna thandizo apemphe wa kuseri.

Chinanso choti mudziwe musanalipire: chaja yake ndi ya mapini awiri, siilowa m'masoketi athu a mapini atatu, ndipo adaputa amagulitsa padera.