Listening ya IELTS: mabuku a Cambridge, BBC, YouTube kapena app yolipira?

Chiyambireni pomwe ndinakhoza IELTS, mayeso oyesa Chingerezi kwa ofuna kukagwira ntchito kapena kukaphunzira kunja, anamwino anzanga sakundipumitsa. Wina pa WhatsApp, wina pa nthawi ya tiyi ku ntchito: "Asisi, Listening ija munakonzekera ndi chiyani? Ndilipire app iti?" Ndatopa n'kubwereza, ndiye ndilembe kamodzi.

Listening ndi mbali ya mayeso yomwe umamvetsera mawu ojambulidwa uku ukuyankha mafunso 40 m'magawo anayi. Pamene tikuyerekeza, gwirani zinthu ziwiri. Mawu aja amawaika kamodzi kokha, kubweza kulibe. Ndipo bungwe la NMC, lomwe limalembetsa anamwino ku UK, limafuna giredi 7 pa Listening (yapamwamba kwambiri ndi 9), ndiye kuti mukhoze mafunso pafupifupi 30. Mukaphonya opitirira khumi, ndalama za mayeso zija zalowa m'madzi.

Ndiyambe ndi app yolipira, poti ndi imene inandiwawa. Dzina sinditchula, zilipo mbwee ndipo khalidwe lake ndi limodzi. Analemba kuti sabata yoyamba ndi yaulere, koma kuti ulowe uike kaye nambala ya khadi la ku banki. Sabata itatha sanandifunse kanthu, anangodula. Komanso sanadule za mwezi umodzi ayi, anadula za miyezi itatu pakamodzi, m'madola. Kunali kumapeto kwa 2023, kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala. Uthenga wa ku banki utalowa pa foni ndinkayesa ndi akuba. Pamwamba pake banki nayo inatapapo kake kosinthira ndalama. Batani loletsera analibisa kumapeto kwenikweni, ndipo nditawalembera kuti andibwezere, anandiyankha ndi makina: kundithokoza kuti ndalemba, basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Za ndalama ndikanaiwala zikanakhala kuti zomwe ndinagulazo n'zenizeni. Koma mawu ake anali a kompyuta. Aliyense amalankhula mwaudongo, kudikira mnzake amalize, osaphonya, osasintha maganizo. Pa mayeso enieni si choncho. Mayi akusungitsa malo pa foni anena kuti abwera Lachiwiri, kenaka n'kuti ayi pepani, Lachiwiri ndili ku ntchito, tiike Lachinayi. Iwe unalemba kale Tuesday, maso ali pa funso lotsatira. Msampha umenewo ndiwo mayeso akewo, ndipo mu app ija munalibe ngakhale umodzi. M'malo mwake munali batani loimitsa ndi lobweza pang'ono, ndipo chala chimazolowera msanga. Mafunso ambiri anali ongodina A, B kapena C, pamene pa mayeso, pa mafunso ambiri, umalemba wekha mawuwo, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi kapena kusiya s kumapeto, funso lapita. App inkandiuza kuti ndili pa 8, ine mtima m'malo. Tsiku lomwe ndinakhala pansi ndi buku la Cambridge, ndinavutika kufika pa 23, pomwe ndi 6 chabe. Kuba ndalama kunandipweteka, koma kundinamiza kuti ndakonzeka n'kumene sindinawakhululukire mpaka lero.

BBC Learning English, makamaka pulogalamu ya 6 Minute English, ndimaikonda ndipo mpaka pano ndimamvetserabe. Ndi yaulere, siidya bando, umaitsitsa kamodzi n'kumamvetsera m'minibasi, ndipo zonse zomwe akulankhula zimalembedwanso kuti uwerenge. Kwa amene khutu lake silinazolowere Chingerezi cha eni ake, yambirani pamenepa. Koma si mayeso. Anthu awiri aja amafuna kuti umve, amabwereza, amamasulira mawu ovuta. Okonza IELTS alibe chifundo chotero. Wailesi ya BBC World Service imathamangirapo, ndipo imathandiza pa gawo lachinayi, pomwe munthu mmodzi amaphunzitsa ngati ku yunivesite osapumira.

YouTube ili ndi mayeso oyeserera osawerengeka, koma eni ake ambiri sadziwika. Ena anakopera m'mabuku, ena anapeka okha, ndipo mayankho amene amaika kumapeto nthawi zina amakhala olakwika, moti umakangana ndi khutu lako pomwe unamva bwinobwino. Malonda amatha kukudula pakati pa gawo lachitatu, bando nayo ikusungunuka. Ntchito imodzi yokha imene ndinaipatsa ndi kumvera malankhulidwe a ku Australia ndi New Zealand, chifukwa pa mayeso amabwera limodzi ndi a ku Britain ndi ku America. Munthu wa ku Australia akamatchula zilembo za dzina lake, A wake amamveka ngati I kwa ife, ndipo m'gawo loyamba lodzaza fomu, lomwe aliyense amati n'losavuta, ndi momwe mamalikisi amatayikira.

Mabuku a Cambridge ndiwo ndimawaikira kumbuyo, ndipo sindibisa. Cambridge ndi mmodzi mwa eni mayesowa, pamodzi ndi mabungwe a British Council ndi IDP, choncho liwiro la mawu, nthawi yowerengera mafunso ndi misampha yake n'zomwezo mukakumane nazo. Buku lililonse lili ndi mayeso anayi athunthu. Kumapeto analemba zonse zolankhulidwa, n'kuonetsa pamzere pamene yankho lililonse labisala. Masamba amenewo ndiwo chuma cha bukulo. Umalemba mayeso kamodzi, wotchi ili patsogolo, osaimitsa ngakhale mwana alire. Ukachonga, umamvetseranso uku ukuwerenga, n'kufufuza chimene chakugwetsa pa funso lililonse. Kwa ine zinali zitatu: fifteen ndi fifty, mapu a m'gawo lachiwiri pomwe ukangosochera pa khomo lolowera ndiye kuti mafunso otsatira onse apita, ndi nkhani yathu ija ya l ndi r. Khutu limamva bwino, koma dzanja lozolowera Chichewa limalemba lina.

Zovuta zake ziliponso. Ndi odula ndipo kuno sapezeka wamba. M'buku lenilenilo amakuuza yankho koma sakuuza chifukwa chake, uzifufuze wekha. Mayeso anayi sachedwa kutha, ndipo kuwabwereza sikupindula chifukwa mayankho wawaloweza. Pogula kapena pobwereka onetsetsani kuti mawu ake omvetsera alipo, chifukwa pali mabuku ena amene amagulitsidwa opanda. Sankhani otuluka kuyambira 2020. Mu Januwale chaka chimenecho eni mayeso anachotsa chitsanzo chomwe chinkakhala koyambirira kwa gawo loyamba, ndiye mabuku akale amakuzoloweza kampata kopumira komwe lero kulibe. Chokomera ife ndi chakuti Listening ya mitundu iwiri ya IELTS, Academic ndi General Training, ndi imodzi, choncho buku la mnzanu amene akukonzekera za Canada likuthandizani ngakhale inu mukulemba Academic.

Chimene buku silingakupatseni ndi kompyuta. Olemba pa pepala amapatsidwa mphindi 10 zokopera mayankho, olemba pa kompyuta mphindi ziwiri zokha zoonanso. Ndiye kuti muzitaipa uku mukumvetsera, ndipo ngati mumasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, mawu akusiyani. British Council ndi IDP ali ndi mayeso oyeserera aulere pa intaneti amene amaoneka ngati a tsiku lenilenilo. Si ambiri, koma bwerekani laputopu ndi mahedifoni muwachite musanapite kukalemba.

Ndiye amene mumandifunsa nonse, sonkhani atatu kapena anayi mugule mabuku awiri a Cambridge atsopano, muzisinthana. BBC tsiku ndi tsiku popita ku ntchito, YouTube ya anthu a ku Australia yokha. App yolipira ine toto. Ngati mwaumirira kuiyesa, musanaike khadi werengani timawu ting'onoting'ono ta pansi muone ngati mtengo walembedwawo ndi wa mwezi kapena wa miyezi ingapo, ndipo muletse kulipira kodzichitira kokha tsiku lomwelo mwalembetsa.