Ndemanga: paketi ya majeti ndi kutchuna kabuleta pa Honda XL 125 yakale

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mmisiri amene anagwira ntchitoyi akuyenera zonse zisanu, koma paketi ya majetiyo payokha singapose zitatu. Majeti ndi tizitsulo ta mkuwa tokhala ndi kabowo, timene timayeza mafuta odutsa m'kabuleta kupita ku injini; nambala ya jeti ikakula, bowo limakulanso.

Njinga yanga ndi Honda XL 125, ya zija ankayendera alangizi a zaulimi kalekale. Ndimakhala ku Salima, ndipo ntchito yake n'kundifikitsa ku Senga Bay kokapikula nsomba, ku Lifuwu nyengo ya mpunga, mwa apo ndi apo ku Nkhotakota pa msewu wa M5. Ndinaigula kwa munthu wa ku Dedza. Itatsikira kuno kunyanja, inaonetsa khalidwe lake lenileni. M'mawa umaponda kiki mpaka thukuta kamukamu. Ikalira, choko osachotsa msanga. Ukakoka moto mwadzidzidzi imayamba yabanika kaye, ndipo ukabweza moto potsetsereka ekizozi imangoti phu! phu! Injini inkatentha moti kutentha kwake kunkamveka m'miyendo, ndipo pulagi ukaimasula inali yoyera mbee, chizindikiro choti mafuta akuperewera.

Paketiyo ndinaitanitsa kwa wogulitsa masipeya ku Lilongwe. Inalibe dzina la kampani, anangolemba kuti ndi ya makabuleta a mtundu wa Keihin. Munali majeti akuluakulu kuyambira 90 mpaka 105, majeti ang'onoang'ono a 35, 38 ndi 40, singano ya mipata isanu, kavalavu kotseka mafuta, gasiketi ndi timphira tozungulira. Pepala la malangizo munalibe ngakhale limodzi. Mtengo wake sunafike pa theka la kabuleta yatsopano ya ku China, n'chifukwa chake ndinasankha njira imeneyi, komanso sindinkafuna kutaya kabuleta ya ku Japan imene njingayi inabwera nayo. Amene muli ndi Yamaha DT 125 kapena AG 200 musagule paketi ngati iyi. Makabuleta anuwo ndi a Mikuni, mazinga ake ndi ena ndipo manambala ake amawerengedwa mosiyana, moti 100 wa Mikuni si 100 wa Keihin.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire cha ku Kamuzu Road. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti paketiyo anangoiyang'ana n'kuiika pambali. Ndinamufunsa kuti, "Madala, simuyamba ndi majetiwa?" Iwo anati, "Achimwene, jeti sichiza matenda a mnzake. Tiyambe taona ngati injini ikupuma bwino." Anatchuna mavalavu, anachapa sefa ya mpweya, kenako injini ikulira anapopera mankhwala otsukira kabuleta pa mphira umene umalumikiza kabuleta ndi injini. Kaliridwe kanasintha nthawi yomweyo. Mphirawo unali ndi mng'alu kunsi, kumene maso safika, ndipo mpweya unkalowera pamenepo osadutsa m'kabuleta. Tikanangosintha majeti, tikanawononga ndalama chabe.

Atatsegula kambale ka pansi pa kabuleta, tinapezamo timadontho ta madzi ndi zoyangayanga zobiriwira zitamatirira pa mkuwa. Apa pali nkhani imene ambiri okwera njinga sitiiganizira. Petulo wa m'dziko muno amamusakaniza ndi ethanol, ndipo wina mwa ethanol ameneyu amapangidwa pafupi pomwepa, ku Dwangwa, kumene fakitale yake inayamba mu 1982 pogwiritsa ntchito zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kunyanja kuno chinyezi sichisowa. Komanso amafuna mpweya wochepa kuti apse: petulo weniweni amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol amafuna pafupifupi 9. Ndiye kabuleta yakale, yoikidwa majeti oyenera petulo wosasakaniza, imapereka mafuta operewera. Onjezanipo kusiyana kwa malo. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500. Kuno mpweya ndi wothithikana, injini imakoka wambiri, ndipo imafunanso mafuta ochulukirapo. Pamwamba pa zonsezi, mwini wake wakale anaikamo jeti yaikulu ya 90, ndikuganiza pofuna kupulumutsa petulo. Njingayi inkayenda ndi njala kuchokera mbali zonse.

Potsuka sanalowetse waya m'kabowo kalikonse. Anagwiritsa ntchito mankhwala ndi mpweya wa kompulesa basi. Ndaonapo anyamata ena akutokosa jeti ndi kawaya ka m'thambo ya buleki, osadziwa kuti mkuwa ndi wofewa ndipo bowo likakula silibwereranso.

Kutchuna kwenikweni kunachitikira pamsewu, osati pa galaja. Anandifotokozera kuti mbali iliyonse ya kabuleta ili ndi nthawi yake. Jeti yaing'ono ndi kasikuluu kake zimalamulira njinga ikamalira itaima mpaka moto ukafika pa kota. Singano imatenga ulamuliro pakatipo. Jeti yaikulu imagwira ntchito moto ukayandikira kumapeto. Anayamba ndi yaikulu. Tinatuluka m'tauni kulowera ku Khombedza, pamene msewu uli wowongoka ndipo anthu ndi ochepa. Iwo amakoka moto wonse mu giya yomaliza, kenako n'kugwira kilatchi, kuzimitsa injini pomwepo, n'kuima pambali kuti timasule pulagi ikadali yotentha. Ndi 95 inali ikadali yotuwa. Ndi 102 inatuluka yakuda ndi mwaye, ndipo injini inkamveka yolemera ngati ikutsamwa. Tinakhazikika pa 98, pulagi itaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Kachitsulo kogwira singano anakatsitsa mpata umodzi kuti singano ikwere, mafuta apakati achuluke pang'ono. Jeti yaing'ono tinaika 38, kasikuluu n'kukamasula pafupifupi maulendo awiri, kumvetsera pamene injini ikulira mosalala. Manambalawa ndi a njinga yangayi, ndi ekizozi yake ndi sefa yake. Yanu ikhoza kufuna ena.

Tsopano zolakwika za paketiyo, zimene wogula aliyense ayenera kudziwa. Manambala odindidwa pa majeti si onse oona. Titayang'anitsa padzuwa, jeti yolembedwa 100 inali ndi bowo looneka lofanana ndi ya 105, ndiye tinangoiika padera. Singano yatsopanoyo inali yowonda kwambiri kunsonga poyerekeza ndi yoyambirira, ndipo madala aja anakana kuiika. Anabwezeramo yakale chifukwa inali isanaperepeseke. Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi mphira. Pasanapite nthawi yaitali ndinapeza petulo akudontha pa kapaipi ka kunsi njinga ili chiimire pakhonde. Kansonga ka kavalavu kotseka mafuta kanali katafufuma, ndipo gasiketi inatambasuka moti titaichotsa sinalowenso m'malo mwake. Zikuoneka kuti mphira wake sugwirizana ndi petulo wathu. Petulo wodontha pafupi ndi injini yotentha, kapena pakhomo pamene pali mbaula ndi ana, si nkhani yaing'ono. Mmisiriyo anabwezeramo kavalavu kakale, tinagula gasiketi ina, ndipo sanandilipiritsenso ntchito.

Nanga zotsatira? Njinga ikulira msanga m'mawa, choko ndikuchotsa ndisanatuluke pageti. Kuphulika kwa ku ekizozi kunatha. Ndikanyamula dengu la usipa kuchokera ku Senga Bay, kapena matumba a mpunga m'misewu yamchenga ya ku Lifuwu, imakoka kuyambira pansi popanda kubanika. Zitunda za pa M14 pokwera kupita ku Lilongwe, makamaka cha ku Mvera, kale zinkafuna kuti ndiime injini izizireko. Pano ndimakwera mpaka pamwamba. Ndikafika ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wopitirira mamita 1,000, imamveka yolemererako pang'ono chifukwa mafuta amachuluka kuposa mpweya, koma sizifika povuta, ndipo ndinasankha dala kuitchuna molingana ndi kumene ndimayenda tsiku ndi tsiku. Nyengo nayo imamveka: masiku a mwera, kukazizira, imathamanga mopepuka kuposa masana a mu Okutobala.

Amene akuyembekezera kuti liwiro likwera kwambiri adzakhumudwa. Injini ya 125 imakhalabe ya 125. Petulonso ikumwa wochulukirapo pang'ono kusiyana ndi kale, ndipo izi ndikuzinena poyera chifukwa ndikudziwa mmene mafuta akuwawira m'thumba. Komabe ndikuwadandaulira abale anga a kabaza amene amachepetsa jeti kuti lita iwafikitse patali. Injini yoperewera mafuta imatentha mopyola muyeso, imawotcha valavu ya ku ekizozi, nthawi zina mpaka kuboola pisitoni. Ndalama yotsegulira injini ndi yambiri kuposa ya petulo amene munapulumutsa, ndipo masiku amene njinga ili pa galaja banja limakhala lilibe cholowa.

Pa malangizo a madala aja ndinawonjezera kasefa kakang'ono pa paipi yochokera ku thanki, chifukwa mafuta akasowa tonse timathamangira a m'zigubu, amene sachedwa kubwera ndi mchenga ndi madzi. Usiku ndimatseka kampopi ka petulo, ndipo njinga ikati ikhala masiku osayenda ndimakhutula mafuta a m'kambale kaja.

Paketiyi ndingaigulenso chifukwa cha majeti okha, popeza kupeza manambala osiyanasiyana limodzilimodzi kuno ku Salima n'kovuta. Mphira wake ndi singano musazidalire, ndipo zakale zimene zachotsedwa muziitanitsa n'kusunga. Popita kwa mmisiri tengani pulagi yatsopano ndi petulo wokwanira kuyesera pamsewu, ndipo musankhe tsiku lopanda ulendo, chifukwa ife tinayamba m'mawa n'kumaliza dzuwa litapendeka.