Ka DVD drive ka pa USB: pa Ubuntu kamagwira, bola kapeze magetsi okwanira

Malaputopu ambiri a masiku ano sabwera ndi polowetsera CD, ndiye ife osunga ma DVD a ukwati ndi ma CD a kwaya timagula ka drive kolumikiza pa USB. Kanga ndi kakuda, kopepuka, kopanda n'dzina la kampani lomwe. Wogulitsa anati pa Linux sikagwira, ndiikemo kaye Windows. Si zoona. Ine ndili pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, ndipo sindinaikepo driver iliyonse (pulogalamu yothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi chipangizo), kernel, mtima wa Linux, imakazindikira yokha.

Pamene kamavuta ndi pa magetsi. Ndikakalumikiza pa USB 2.0 kanyale kamayaka, disiki n'kuyamba kuzungulira, kenako kamangoti tiki tiki, zii. Mu Files, pulogalamu yoonetsa mafayilo, mulibe kanthu. Munthu ukhoza kuyamba kunyoza Linux pamenepa, koma lembani lsusb, lamulo loonetsa zipangizo za pa USB, mu terminal (polembera malamulo): kamaoneka, pakapita kanthawi kasowa. Mukalemba sudo dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, mupeza mizere ya USB disconnect yobwerezabwereza. Nkhani yake n'njakuti USB 2.0 imapereka magetsi okwana 500mA basi, pomwe USB 3.0, ija imakhala yabuluu mkati, imafika 900mA, ndipo mota imakoka magetsi ambiri ikamayamba kuzungulitsa disiki. Nditakasamutsira pa yabuluu, lamulo la lsblk, loonetsa ma drive, linaonetsa sr0, dzina la ka DVD drive pa Linux, disiki n'kutseguka. Pa hub (kachipangizo kochulukitsa ma port a USB) yopanda magetsi akeake musadzivute n'komwe.

Chondinyansa n'chakuti kachingwe kake n'kakafupi kwambiri, ndipo m'bokosi munalibe chingwe cha mitu iwiri chija chokoka magetsi pa ma port awiri. Amene laputopu yanu ili ndi USB 2.0 yokhayokha, funsani chingwe chimenecho musanapereke ndalama.

Kakakhala kopanda disiki sikaoneka mu Files, ndiye musafulumire kunena kuti kafa. Ma DVD a ukwati ojambulidwa kwa ojambula mavidiyo pulogalamu ya VLC imaonetsa bwinobwino, koma mafilimu ogula m'sitolo amakhala okhomedwa, amafuna muike pulogalamu yowatsegulira ya libdvd-pkg. Imeneyo si mlandu wa drive.

Kamasokosera, ndipo thireyi yake ndi yapulasitiki yopyapyala yoti mwana akangoitsamira yathyoka. Pojambula CD ndi pulogalamu ya Brasero ndimasankha liwiro lochepa, apo ayi ena satha bwino. Ngati cholinga chanu n'kukopera madisiki akale mu kompyuta n'kukabweza m'kabati, kaguleni, ndalama yake ndi yoyenera. Koma wojambula ma CD ogulitsa tsiku ndi tsiku afune ina yokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi.