Dokotala wa pa foni: mmene zatiyendera ndi BP ya amayi

Kuyambira pomwe mvula yapitayi inkatha, amayi anga akhala akuonedwa pa foni ndi dokotala wa kiliniki ina yolipira. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo miyendo ikatupa, kukwera minibasi kuchoka ku Area 25 kupita mutawuni kumawasautsa kwambiri. Timalipira pa Airtel Money, iye amaimba pa WhatsApp tsiku lomwe tapangana.

Ndine wokhutira, ndipo sindibisa. Amayi salawiriranso kukakhala pamzere. Dokotalayo amawafunsa modekha kuti, "Amayi, mchere mwachepetsa? Usiku mukumagona bwino?" Iwo amayankha momasuka kuposa mmene ankachitira m'kachipinda ka kuchipatala, anthu ambirimbiri akudikira panja.

Koma ntchito yambiri yagwera ife. Tinachita kugula tokha makina oyezera BP. M'mawa uliwonse ndimalemba manambala m'kope, kenako ndimajambula tsambalo pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala n'kutumiza. Kabukuko sikalembedwanso, chifukwa dokotala wa pa foni sangakagwire. Tsiku lina amayi atadwala mwadzidzidzi, namwino amene anawalandira sanapezemo mankhwala atsopano omwe anawasinthira, mpaka ndinachita kumuonetsa mauthenga a mufoni. Za vidiyo tinazisiya kalekale: bandulo imatha msanga, netiweki imadukaduka, magetsi akazima foni nayo yazima.

Msuweni wanga wa ku Manchester naye amalankhula ndi dokotala pa foni, koma akamaliza, dokotalayo amatumiza yekha chikalata cha mankhwala ku famase, iye n'kungopita kukatenga. Dandaulo lake n'lakuti amafuna kuonana ndi dokotala maso ndi maso. Ife kuno kungomva mawu a dokotala timayamikira kale, ngakhale pambuyo pake tiyendayende m'mafamase kusaka mankhwala. Choncho munthu wa ku Malawi akati "ndakhutira", musafulumire kuganiza kuti thandizo lake n'lofanana ndi la kunja.

Amene alibe ndalama yolipira, pali Chipatala cha pa Foni, chomwe bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba mwaulere, amakulangizani, ndipo likakhala vuto lalikulu amakuuzani kuti muthamangire kuchipatala.

Ifeyo tipitiriza ndi dokotala wathuyu, koma ndamupempha kuti pakapita miyezi itatu iliyonse aziwaona amayi pamaso, awayeze impso, alembenso m'kabuku muja.