Majuzi a sukulu ochokera ku fakitale ya ku China: nyenyezi 2 pa 5

Ndimasoka mayunifolomu kuno ku Chipata, pafupi ndi msika wa Kapata. Madiresi, malaya ndi makabudula timasoka tokha, ine ndi atsikana awiri, koma makina olukira majuzi tilibe. Ahedi a sukulu ina ya pulayimale atandipatsa oda ya majuzi 400 obiriwira okhala ndi baji pachifuwa, mnzanga wogulitsa nsapato anandilozera kwa ejenti wina wa ku Lusaka amene amati ali ndi anthu ake mumzinda wa Guangzhou ku China. Ndemangayi ndi ya ejentiyo pamodzi ndi fakitale imene anandisankhira.

Pa sampulo ndiyamikire ndithu. Inabwera pandege, juzi yokhuthala, yofewa, kolala yolimba, baji yopetedwa ndi ulusi. Ndinaichapa katatu n'kuyanika padzuwa, osasuluka. Ahedi anaionetsa makolo pamsonkhano wa PTA ndipo onse anavomera. Mu Disembala ndinalipira dipoziti ya 30 peresenti.

Kenako kunangoti zii. Ejentiyo sanandiuze kuti mafakitale a ku China amatseka pachikondwerero cha chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ndipo antchito amapita kumidzi kwawo kwa milungu ingapo. Munthu amene ntchito yake ndi imeneyi sangalephere kudziwa zimenezo. Mu Malichi ndi pamene ananditumizira zithunzi pa WhatsApp: makatoni omata kale, pamwamba atayalapo juzi imodzi yokongola. "Amayi, katundu wakonzeka, malizitsani yotsalayo akwere sitima." Ndinatumiza 70 peresenti yonse, popanda munthu woimira ine amene anatsegulako katoni ngakhale imodzi.

Kontena inadzera ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Nakonde mpaka ku Lusaka. Msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia kuno, unalipiridwa, makatoni anga anakwera lole ya pa Great East Road. Anafika pakati pa Juni, temu yachiwiri itayamba kale mu Meyi, ana akunjenjemera pa asembule m'mawa uliwonse.

Nditang'amba pulasitiki yoyamba, dzanja lokha linandiuza. Ndinakweza juziyo pawindo, kuwala kumadutsa bwinobwino. Ndinabwereka sikelo kwa amayi ogulitsa nyemba, n'kuyeza sampulo ndi juzi yatsopano ya saizi yomweyo, ndipo yatsopanoyo inapepuka moti amayiwo anayeza kawiri poganiza kuti sikelo yawo yalakwa. Baji sinali yopeta, inali yongomata ndi moto, ukaikanda ndi chikhadabo imayamba kumatuka m'mbali. Juzi yolembedwa zaka 12 inamukwana mwana wa mng'ono wanga amene ali giredi 2. Ndinanyika imodzi m'beseni, madzi anabiriwira ngati mwaphikamo nkhwani.

Ejenti poyamba anati ulusi wa sampulo unatha. Nditalimbikira kuimba, anavomera kuti fakitale ija inachulukidwa maoda ndipo wanga inaupereka ku kafakitale kena kakang'ono, komwe ngakhale iyeyo sanafikeko. Kenako anati, "Koma amayi, nanunso mtengo munautsitsa kwambiri." Zoona, ndinanenerera, monga achitira wamalonda aliyense. Koma akanandiuza kuti ndalama imene ndikuchotsayo aichotsa pa ulusi, ndikanalipira mtengo woyamba uja osawiringula. Za kubweza ndalama anakana. Anati adzanditsitsirako pa oda yotsatira. Kubweza makatoni ku China sikukanatheka, mtengo wa ulendo ukanaposa wa majuziwo. Ndipo papepala lathu panangolembedwa mtundu, chiwerengero ndi masaizi. Kulemera kwa juzi sikunalembedwe, choncho ndinalibe pogwira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalama yokha. Abambo ena a ku komboni ya Mchini kuno ku Chipata, amene analipiriratu majuzi a ana awo awiri, anafika pashopu atanyamula majuziwo m'pulasitiki. Sanakalipe. Anangoti, "Amayi, ife za ku China sitikuzidziwa, tinakhulupirira inu." Ndinawabwezera ndalama yawo, ndi makolo ena onse amene anabwera pambuyo pawo. Sukuluyo sinandipatsenso oda, ngakhale ya madiresi amene ndinawasokera kwa zaka zambiri popanda dandaulo.

Nyenyezi ziwirizi ndapereka chifukwa sampulo inali yabwino ndiponso palibe katoni imene inasowa panjira. Ngati mukufunabe kudzera njira imeneyi, lembetsani kulemera kwa chovala m'magalamu, miyeso m'masentimita ndi kapetedwe ka baji, ndipo musamalize kulipira munthu wosakhala wa ejentiyo asanatsegule makatoni angapo n'kuyeza. Makampani oyendera katundu asanakwere sitima aliko ku China komweko, ine ndinawamva mochedwa.

Makatoni asanu akadali kuseri kwa makina. Madzulo timamatula mabaji, ndipo majuziwo ndimagulitsa motchipa ku Saturday Market, wogula aliyense ndikumuuziratu kuti achape payokha.