Mbewu ya chuku cha Trichoderma reesei RUT-C30: ndi yabwino, koma malangizo ake ndi operewera

Nyenyezi 4 pa 5.

Chuku chimenechi chimalimidwa pa zotsalira za m'munda kuti chitulutse maenzaimu, omwe ndi mapuloteni ogaya ulusi wa zomera kuti usanduke shuga. Kabotolo kanafika kotsekedwa bwino ndipo mbewu inadzuka mosavuta pa mbale ya PDA (chakudya cha mbatatesi ndi shuga cholimirapo chuku) pa madigiri 28. Pakutha sabata mbale inali itabiriwira, popanda chuku china chachilendo. Pamenepa wogulitsa ayamikidwe, chifukwa mbewu yosakanikirana imakutayitsa mwezi wathunthu usanadziwe pomwe palakwika.

RUT-C30 inatulukira ku Rutgers University chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kuchokera ku mtundu wa QM6a womwe unapezeka ku Solomon Islands ukudya nsalu za thonje za asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ubwino wake ndi wakuti shuga akachuluka siileka msanga kutulutsa cellulase, enzaimu yogaya ulusi wa zomera wotchedwa cellulose, monga ichitira mitundu ina. Imatulutsanso xylanase, enzaimu yogaya gawo lina la ulusiwu, wokwanira ndithu.

Vuto lili pa kapepala ka malangizo. Kamangoti "thirani pa zotsalira za m'munda", ngati kuti zonse n'zofanana. Ayi. Mapesi, udzu wa mpunga ndi makoko a nzimbe zili ndi lignin wochuluka, chinthu cholimbitsa zomera chomwe chimakuta ulusi, ndipo chuku chimakula mwaulesi mukaziika zokhazokha. Zipereni zikhale tizidutswa ta mamilimita 1 mpaka 2, ziviikeni mu soda waukali wa NaOH wa 1 kapena 2 peresenti, kenaka muzitsuke mpaka ukali wa sodayo utheretu. Mukatsuka mwachidule pH (muyeso wa kuwawasa kapena ukali wa soda) imakhala pamwamba ndipo chuku sichigwira konse. Chimafuna pH ya pafupi ndi 5. Sakanizani ndi gaga wa tirigu, mwina gawo limodzi pa magawo atatu. Gagayo ndi amene amabweretsa nayitirojeni komanso amasiya mipata yoti mpweya uzidutsa. Onjezani michere yodyetsa chuku ya ammonium sulphate ndi KH2PO4 pang'ono m'madzi onyowetsera.

Chinyezi ndiye pogona nkhani. Chikhale pakati pa 60 ndi 70 peresenti: mukafinya m'manja zigwirane, koma madzi asadonthe. Zikanyowa mopitirira, mipata imatsekeka, mabakiteriya amalowerera, ndipo mumamva fungo lowawasa pofika tsiku lachitatu. Zikatero tayani, palibe chopulumutsa. Zikauma, ulusi woyera wa chuku umangoyala pamwamba osalowa pansi.

Phikani mu autoclave (mphika wa nthunzi wophera tizilombo) pa madigiri 121 kwa mphindi 20, zizizire, ndiye muthire timbewu ta chuku pafupifupi 10 miliyoni pa galamu iliyonse ya zouma. Timbewuti tikokoloreni pa mbale ndi madzi okhala ndi Tween 80 (mankhwala onga sopo) wa 0.1 peresenti, apo ayi timaundana n'kugwera malo amodzi. M'thireyi musaunjike kupitirira masentimita 3 kapena 4. Kapepala kaja sikatchula zimenezi, chonsecho chuku chikamakula chimatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo pakati pa mulu wokhuthala pamatentha kuposa momwe chipangizo choyezera kutentha chikuonetsera. Pakangodutsa madigiri 35, maenzaimu amachepa.

Kololani pakati pa tsiku la 5 ndi la 7. Ambiri amadikira kuti thireyi ibiriwire yonse poganiza kuti ndiye zapsa, koma pamenepo chuku chayamba kubereka timbewu ndipo nthawi yabwino yapita kale. Pochotsa maenzaimu, thirani citrate buffer (madzi osunga pH pamalo amodzi) wa 0.05 M, pH 4.8, mamililita 10 pa galamu, gwedezani kwa ola limodzi, sefani pa nsalu, mumalize ndi centrifuge (makina ozunguza olekanitsa madzi ndi zotsalira). Poyeza mphamvu ya maenzaimu, kachingwe ka pepala la Whatman No. 1 ka masentimita 1 kwa 6, pa madigiri 50 kwa mphindi 60, ndi DNS (mankhwala oonetsa kuchuluka kwa shuga wotuluka), n'kokwanira.

Nyenyezi yachisanu yachoka pa chifukwa ichi: wogulitsa sanena kuti Trichoderma reesei imatulutsa beta-glucosidase wochepa, enzaimu yomwe imadula cellobiose (shuga wa magawo awiri wochokera ku cellulose) kuti akhale glucose. Choncho cellobiose amaunjikana, n'kuyamba kutsekereza maenzaimu ena aja, ndipo ulusi wa zomera susanduka glucose mokwanira. Amene cholinga chake ndi kufewetsa chakudya cha ziweto kapena kufulumizitsa kompositi sadandaula. Koma wofuna shuga wopangira ethanol agulirenso Aspergillus niger, chuku chotulutsa beta-glucosidase wambiri, alime padera, n'kuphatikiza madzi a maenzaimu a mitundu iwiriyi. Pogwira thireyi zobiriwira valani chophimba pamphuno, timbewu timeneti timauluka.